Bafa Yolemera ya Mfuti ya Amalume

Sabata yanga yoyamba pa shopu yokonza mfuti ku Hamilton m'dziko la Canada, abwana anandiika m'manja tizitsulo titatu. Tonse tinali tofanana, tozungulira, totalika ngati chala chapakati, tokhala ndi kamphira kumapeto. Anandiuza kuti dzina lake ndi bafa, ndipo anandifunsa kuti kolemera kwambiri ndi kati. Ine m'malo momvetsera manja anga, ndinayang'ana nkhope yawo. Ndinakweza pang'ono ka kumanzere kuti ndione ngati nsidze zawo zisunthe, kenako ndinakweza ka pakati.

"Ukuyeza nkhope yanga," anatero m'Chingerezi. "Yeza chitsulo."

Abwanawo anali mayi wachizungu wa imvi, amene anakhala zaka zambiri akusema zitsulo pa makina ku fakitale asanatsegule shopu yawoyawo. Dzina loti abwana ankadana nalo, koma lilime langa linkakana kuwatchula dzina lawo lenileni monga ankafunira. Tsiku lina ndikuwapatsira sipanala, ndinaigwira ndi manja awiri n'kupinda mawondo. Iwo anandifunsa ngati msana ukundipweteka. Nditawafotokozera kuti kwathu munthu wamkulu timamupatsira chinthu chotero, anaseka mpaka kuvula magalasi, koma sanandiletse.

Ndinakulira m'mudzi wina ku Mchinji. Kusukulu kwathu mwana wabwino anali amene amati inde, ndipo ine ndinali mwana wabwino kwambiri. Mfuti imene ndinkaidziwa inali ya mlonda wa pa esiteti ya fodya, ndipo sindinaimvepo ikulira. Ku Canada ndinabwera kudzaphunzira ntchito ya makina osema zitsulo ku koleji, za mfuti sizinali m'mutu mwanga.

Amene anandilowetsa m'ntchitoyi anali amalume. Sanali amalume a magazi. Anali bambo wa ku Chipata, injiniya wa milatho, wokhala ku Oakville ndi banja lawo. Tinakumana ku mapemphero a Amalawi ndi anthu a ku Zambia ku North York. Atamva kuti ndine wa ku Mchinji anandigwira paphewa.

"Ndiwe mphwanga iwe. Mzere wa malire uja anajambula ndi azungu, ife sanatifunse."

Kuyambira tsiku limenelo ankandiitana kwawo kukadya, ankandipatsa majekete amene ana awo anasiya, ndipo anandiphunzitsa kuyenda pa sinowo osagwa chagada. Chimene ankachikonda kuposa mpira chinali kuwombera zandamale pa mpikisano. Kutchalitchi ankawaseka nazo, amayi ena ankawatchula kuti mkulu wa asilikali, iwo n'kumangoti, "Ine ndimawombera mapepala chabe, mapepala sadandaula." Atamva kuti ndikufuna ganyu, anandikweza galimoto n'kupita nane kwa abwana. Ndinaima kumbuyo kwawo, chipewa chili m'manja. Sanatame nzeru zanga kapena mphamvu zanga. Ananena chinthu chimodzi chokha.

"Mnyamata uyu sanama."

Abwana anati pa ntchito ya mfuti zimenezo n'zokwanira, zina zonse aphunzitsa okha.

Ndinayamba ndi kusesa ndi kutola makoko a zipolopolo m'chipinda choyeseramo mfuti, chimene chinali kuseri kwa shopu. Nditachita maphunziro a boma n'kulandira chiphaso, anayamba kundilola kugwira mfuti. Masiku amenewo mfuti za mtundu wina, zoika paphewa koma za mpaipi waufupi, zinali zisanaletsedwe. Munthu wa chiphaso ankatha kukhala nayo n'kumakawombera ku bwalo lovomerezeka, ndipo zambiri zimene zinkabwera pa shopu zinali ndi matenda amodzi.

Mfuti yamtunduwu imadzipatsa yokha chipolopolo. Ikawombera, gasi wina wochokera ku onga amatuluka pa kabowo ka pa mpaipi n'kubwerera m'mbuyo, ndipo amakankha chitsulo chachikulu cha mkati. Chitsulocho pobwerera chimataya khoko, chimakankha bafa ndi sipuling'i, kenako sipuling'i imachibweza kutsogolo chitatenga chipolopolo china. Mpaipi ukakhala waufupi, gasi amafika waukali. Akachuluka, mfuti imamenya phewa n'kumadzidya yokha mkati. Akachepa, chitsulo chija chimabwerera theka la njira, ndipo chipolopolo chatsopano sichilowa. Bafa yolemera imachedwetsa zonse, yopepuka imafulumizitsa. Pa mfuti zina pamakhalanso kasikuluwu kotsekera ndi kutsegulira gasi, kamene kamalira thi ukakapotoza.

Abwana anali ndi malamulo awo, ndipo ndinkatha kuwalakatula ngati katekisimu. Sintha chinthu chimodzi, yesa, ndiye usinthe china. Yang'ana kumene makoko akugwera: akamauluka chakutsogolo gasi wachuluka, akamangothothokera pamapazi wachepa, abwino amagwera kudzanja lamanja chakumbuyo pang'ono, pamene pali folo pa wotchi. Ika chipolopolo chimodzi m'magazini, kabokosi kolowetsamo zipolopolo, tsegula gasi pang'onopang'ono mpaka chitsulo chizikodwa kumbuyo ukawombera, ndipo zikatero usalekere pomwepo, wonjezera kawiri, chifukwa kunja kuli chisanu ndi litsiro. Lamulo lomaliza linali lalikulu kuposa onse: yesa ndi zipolopolo za mwini mfuti, osati za pa shopu. Mfuti iliyonse inali ndi khadi, ndipo pansi pa khadipo panali funso limeneli ndi malo osainira.

Chaka changa chachiwiri, mkati mwa nyengo yozizira, amalume anabweretsa mfuti yawo. Anali atachitidwa opaleshoni paphewa lamanja, ndipo azakhali, akazi awo, anali atanena kuti phewalo likatupanso, mfutiyo ikhala m'bokosi. Kunali mpikisano wa panja patatha milungu iwiri. Mwana wawo wamkazi, wobadwira konkuno, amene ukamupatsa moni m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, anali atavomera kwa nthawi yoyamba kukaonerera bambo ake. Amalume ankafuna kuti mfuti ifewe.

Abwana anatenga khadi n'kundipatsa.

"Iyi ndi yako, kuyambira poyamba mpaka posaina. Ikayenda bwino, benchi la pawindo lija ndi lako."

Benchi limenelo linali lopanda munthu kuyambira pamene ndinafika. Ndinkalipukuta Lachisanu lililonse. Kukhala nalo kunkatanthauza kuti mfuti imene ndasainira ikhoza kutuluka pakhomo abwana osaiona.

Ndinaigwira bwino ntchitoyo, zimenezi ndinene. Ndinaimasula, ndinaitsuka, ndinaika bafa yapakati, ndipo makoko amene poyamba ankauluka chakutsogolo anayamba kugwera pa folo. Chinatsala ndi kuyesa ndi zipolopolo za amalume. Iwo ankapanga okha zipolopolo zawo m'galaja, kuyeza onga pa kasikelo, ndipo chifukwa cha phewa lija anali atachepetsa ongawo. Ankanyadira nazo kuposa milatho yawo.

Anabwera Loweruka masana, tsiku limene abwana anapita kwa dokotala wa mano n'kundisiya ndi bambo wina wogulitsa pa kauntala. Amalume analowa akukuntha sinowo ku nsapato.

"Mphwanga, manje tiyeni tione zimene wapanga."

"Zipolopolo zanu zija mwabweretsa, amalume?"

Anadzimenya pachipumi. "Aa, ndafogeta. Zili pa tebulo m'galaja. Tenga za pano chabe, chipolopolo ndi chipolopolo."

Ndinkadziwa kuti si zoona. Za pa shopu zinali zamphamvu kuposa zawo. Mawu anafika pakhosi, ndinawamva, koma chimene chinatuluka chinali choti, "Chabwino, amalume."

Tinalowa m'chipinda choyeseramo, mofunda, mmene munthu umavula jekete. Anawombera kasanu, anatsitsa mfuti n'kusisita phewa.

"Yasintha, koma ikumenyabe. Mnzanga wina ku kilabu wandiuza kuti mankhwala ake ndi bafa yolemera kwambiri ija. Muli nayo?"

"Tili nayo, amalume, koma..."

"Koma chiyani?"

Anafunsa mokoma, akumwetulira. Sanandikalipire. Akanandikalipira mwina ndikanakhala ndi chonamizira. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti palibe, ndipo ndinapita kukaitenga. Ndinawapatsa kuti aione, ndi manja awiri.

Itakhala mkati, anawomberanso. Nkhope yawo inawala.

"Eyaa. Manje tseka kagasiko pang'ono."

Ndinatseka. Thi.

"Wonjezera."

Thi. Lamulo loyamba ndinali nditaliswa kale, ndasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ndinapempha kuti tiyese ndi chipolopolo chimodzi. Chitsulo chinakodwa kumbuyo, koma ndinamva m'makutu kuti chafika mochita kudzikoka, ngati munthu wofika pamwamba pa chitunda njinga akukankha. Apa ndi pamene ndinayenera kutsegula kawiri. Ndinatambasula dzanja, amalume anandigwira pamkono.

"Basi! Usaigwirenso. Yafewa ngati buledi wa m'mawa. Iwe mwana uli ndi manja, ndikawauza ine amayi aja."

Sindikumbukira kuti munthu wamkulu anandiyamikirapo chotero kuyambira pamene ndinachoka kwathu. Ndinadziuza kuti iwo ndi injiniya, awombera zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala m'dziko muno, ndiye ine ndine yani. Ndinadziuzanso kuti mwina chisanu chidzakhala chitachepa. Anaika mfuti m'bokosi, anakhoma, n'kupita akuimba likhweru.

Khadi linatsala pa benchi. Pa funso lomaliza lija ndinaima nthawi yaitali, cholembera chili m'manja. Ndikanalemba kuti ayi, abwana akanawaimbira amalume kuti abweze mfuti, ndipo zikanaoneka ngati ndakawanenera munthu wamkulu. Ndinalemba kuti inde, ndinasaina.

Lolemba abwana anawerenga khadilo, tsaya lawo likadali lotupa.

"Bafa yolemera pa zipolopolo zofooka zija? Zinayenda?"

"Zinayenda."

"Unayesa ndi zake?"

"Inde."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anaika khadi m'kabati. "Zachilendo, koma ngati unayesa, unayesa." Sanafunsenso, chifukwa anali atauzidwa kuti mnyamata uyu sanama.

Milungu iwiri ija ndinali ndi foni m'thumba tsiku lililonse. Ndinalemba uthenga kangapo m'basi popita ku koleji, woti amalume, tsegulani kasikuluwu kawiri musanapite. Ndikauwerenga unkamveka ngati mwana akulamula bambo ake, ndiye ndinkaufufuta kuti ndidzaulembe bwino mawa.

Tsiku la mpikisano kunacha kowala, kopanda mtambo, ndipo kuno kukatero ndiye kuti chisanu chafika penipeni. Bwalo linali kunja kwa tauni, pakati pa minda yokwiririka ndi sinowo. Abwana anali m'gulu la oyang'anira chitetezo, ine anandipatsa ntchito yomata mabowo pa zandamale. Mpweya unkauma m'mphuno. Ndinaona mafuta a pa loko wa geti atagwirana ngati phula, ndipo ndinaganiza za mafuta a m'mfuti ya amalume.

Amalume anafika ndi mwana wawo, atavala chipewa cha ubweya chofiira, akupereka moni kwa aliyense. Mtsikanayo anali ndi makapu awiri a khofi. Anandipatsa imodzi.

"Adadi akuti ndinu katswiri," anatero m'Chingerezi. "Akhala akukambirana za inu njira yonse."

Ndinathokoza. Khofiyo sindinamwe.

Nthawi yawo itakwana, anaima pa mzere. Kabelu ka wotchi kanalira. Anawombera koyamba, ndipo khoko silinauluke, linangogwera pa nsapato yawo. Anakhethemulanso, mfuti inangoti kha, duu. Anakoka chogwirira cha chitsulo chija ndi dzanja, anawombera, khoko pamapazi, kha. Anakokanso. Bwalo lonse linali chete, kunkangomveka kuwomba kumodzi, kenako chitsulo, kenako kuwomba kumodzi. Munthu wina akanakweza dzanja n'kusiya. Iwo anapitiriza mpaka chandamale chomaliza, kukoka chipolopolo chilichonse ndi dzanja, mfuti itatsamira pa phewa lodwala lija. Ena ankamaliza gawolo munthu asanatsokomole kawiri. Iwo anamaliza anthu atayamba kupondaponda pansi kuti mapazi asaume.

Atatsitsa mfuti n'kuionetsa kuti ilibe kanthu, anatembenuka akuseka, ngakhale milomo inali itauma.

"Lero ndabwera ndi gogodela ya agogo anga," anandiuza m'Chichewa, kenako anawamasulira anzawo. Anthu anaseka. Mzungu wina wandevu anati mwina akanabwera ndi uta. Wina anafunsa kuti anakonza mfutiyi ndani.

Ndinali nditaima pafupi, mapepala omatira ali m'manja. Amalume sanandiyang'ane n'komwe.

"Mfuti ilibe mlandu. Anakonza ndi mphwanga uyu, ndinaiyesa ndekha, inkayenda ngati wotchi. Ndi zipolopolo zanga izi. Ukalamba, ndiyenera kuti ndinalakwitsa poyeza onga."

Apo ndi pamene ndinayenera kulankhula. Panali anthu osakwana khumi. Mawu ake anali ochepa. Ndinayang'ana mapepala anga ngati ndikuwawerenga.

Anayesanso gawo lachiwiri, zinali chimodzimodzi, ndipo lachitatu sanalowe. Ndinaona mwana wawo akuwathandiza kuvala jekete chifukwa mkono sunkakwera. Abwana anapita pamene amalume anaima paja, anawerama, anatola makoko atatu m'timaenje timene anaboola pa sinowo, onse pamalo amodzi ngati ndowe za mbuzi. Anawatembenuza m'manja n'kuwaika m'thumba. Pobwerera m'galimoto analankhula za misewu ndi za dzino lawo. Ine ndinkangoti inde.

Lamlungu sindinapite ku mapemphero. Ndinatumiza uthenga woti ndili ndi chimfine.

Lolemba nditafika pa shopu, ndinapeza makoko atatu aja ataimikidwa pa benchi la pawindo, pambali pake pali khadi. Abwana anali pa makina awo, atandipatsa msana. Ndinavula jekete, ndinalipachika, ndinatenga tsache, ndinalibweza. Kenako ndinapita kukaima kumbuyo kwawo mpaka anazimitsa makina.

"Sindinayese ndi zake," ndinatero.

"Ndikudziwa. Ndimafuna ndimve ngati unena wekha."

Ndinawauza zonse, za zipolopolo zoiwalika, za bafa, za dzanja limene linandigwira pamkono. Anamvetsera akupukuta zala ndi kansalu.

"Wokonza mfuti anali ndani m'chipinda muja, iwe kapena iye?"

"Ine."

"Unkadziwa kuti ikana?"

"Ndinkaganiza kuti mwina."

"Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu munthu wamkulu sumuuza kuti walakwa, makamaka amene anakupezera ntchito, amene umadya kwawo. Chingerezi changa chinathawa, ndinkangobwereza mawu amodzimodzi. Iwo anandidikira mpaka nditatha.

"Sipanala umandipatsa utapinda mawondo, ndipo ndinazolowera. Ukanagwada, ngati n'zimene zimafunika. Ukanagwada pansi n'kumuuza kuti ayi. Ulemu wako wamupweteka phewa." Anatenga khadi n'kuloza posaina. "Bafa ndi kulakwitsa, aliyense amalakwitsa, ine ndinaphwanyapo mfuti ya munthu. Koma ichi. Iyi inangokana kuwomba pa pepala. Tsiku lina udzasainira mfuti imene siyenera kutuluka pakhomo pano, chifukwa mwini wake ali ndi imvi ndipo wamwetulira."

Ndinkayembekezera kuti andiuza nditenge jekete langa. M'malo mwake anandikankhira foni ya pa shopu.

"Muimbire. M'chilankhulo chanu, kuti usabisale kuseri kwa Chingerezi."

Amalume anayankha msanga, mawu awo ali otopa koma ansangala.

"Mphwanga, chimfine chili bwanji? Usadandaule za dzana. Dzulo nditachoka ku tchalitchi ndakhala m'galaja mpaka madzulo, ndamasula zipolopolo zonse zotsala, chimodzichimodzi, kuyezanso onga. Chodabwitsa n'choti zonse zili bwino. Kaya sikelo yanga ndiyo yapenga. Azakhali ako andikalipira kuti ndikumaliza phewa."

Ndinatseka maso. Kumasula chipolopolo kumafuna kumenya ndi kanyundo, ndipo iwo anachita zimenezo tsiku lonse ndi mkono umene sunkatha kulowa m'jekete.

"Amalume, sikelo yanu ili bwino. Zipolopolo zanu zili bwino. Ndine."

Ndinawauza kuti bafa ija inali yolemera kwambiri kwa zipolopolo zawo, kuti gasi tinatseka mopitirira, kuti ndinkadziwa tsiku lomwelo. Ndinawauzanso za khadi. Ndinazindikira kuti ndikulankhula nditagwada pa simenti pambali pa kauntala, foni ili kukhutu. Abwana anapita kuseri.

Ndinkamva wailesi ya m'galimoto yawo.

"Unkadziwa pamene ndinkakugwira pamkono paja?"

"Inde, amalume."

"Ndi pamene ndinkauza anthu kuti ndakalamba, sinditha kuyeza onga, mwana wanga ali pomwepo?"

"Inde, amalume."

"Iyayi, leka inde wakoyo kaye." Anapuma. "Za bafa ndinakukakamiza ndine, zimenezo ndi zanga. Ndine wamakani, azakhali ako akhoza kukuuza. Koma ine ndikajambula mlatho molakwika, mnyamata wa pa saiti n'kuona, n'kukhala chete chifukwa ndine mkulu, amene adzagwere m'madzi si ine. Ndiye khadi lija. Ndinaima pamaso pa amayi aja, ndinati chiyani?"

"Munati sindinama."

"Manje ndikawaone ndi nkhope iti?"

Pomaliza anati abweretsa mfuti Loweruka, pamodzi ndi zipolopolo, akazipanganso.

Benchi la pawindo sindinalipate. Makoko atatu aja anakhala pamenepo mpaka nyengo yozizira inatha, ndipo Lachisanu lililonse ndinkawanyamula, kupukuta pansi pake, n'kuwabwezera. Khadi lililonse limene ndinkasaina, abwana ankatenga mfuti yake n'kukaiyesanso okha, ine nditaima pakhomo.

Mfuti ya amalume inabwera Loweruka lija, koma anaibweretsa ndi mwana wawo amene ankayendetsa galimoto, chifukwa mkono unali pa lamba wa pakhosi. Ndinachotsa bafa yolemera, ndinabwezera yapakati, ndinatsegula gasi, ndinayesa ndi zipolopolo zawo, abwana akuonerera. Ndinaisiya m'galimoto yozizira kwa maola angapo n'kuyesanso. Makoko anagwera pa folo. Amalume sanathe kuwombera, anangoyang'ana.

"Bwanji tichepetse gasi kamodzi kokha," anatero, akundiyang'ana cham'mbali. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiyesa.

"Ayi, amalume." Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye. "Ikachepa idzakananso."

"Ati chiyani?" anafunsa abwana.

"Wandikaniza," anatero amalume m'Chingerezi. "Mochedwa ndi milungu itatu."

Anati adzaiyesa phewa likapola, sinowo akasungunuka. Koma sinowo asanathe kunabwera matenda aja amene anatseketsa chilichonse, mabwalo owombera nawonso anatsekedwa. Mabwalo asanatsegulidwe, boma linaletsa mfuti zamtunduwu. Za lamulolo anthu ankakangana pa shopu, ine ndilibe mawu pa izo. Chimene ndikudziwa n'choti amalume sanaiwomberenso mfuti imene ija. Tsiku lomaliza limene anaigwira pa mzere, tsiku lokhalo limene mwana wawo anabwera kudzaona, ndi lija ankakoka chogwirira ndi dzanja anthu akupondaponda m'sinowo.

Shopu inachepa ntchito, abwana anatsala ndi mfuti za alenje, ndipo ine nditamaliza koleji ndinapeza ntchito ku fakitale ina yosema zitsulo za makina. Kalata yondichitira umboni analemba ndi abwana. Anandionetsa asanaitumize. Analemba kuti ndine wosamala, kuti manja anga ndi abwino, kuti ndikalakwitsa ndimabwera kudzanena. Mawu oti sindinama munalibe, ndipo sindinawapemphe. Tsiku lotsanzikana anatsegula kabati n'kundipatsa bafa yolemera ija, kuti palibenso amene adzaigule. Ndinailandira ndi manja awiri.

Amalume amandiitanabe kwawo, amanditchulabe mphwanga. Phewa linapola, ngakhale silikwera bwino. Mwezi watha, titatuluka m'mapemphero ku North York, anandionetsa pa foni chithunzi cha shelefu imene akufuna kukhoma m'galaja, yoikapo matayala a nyengo yozizira. Anandifunsa ngati mabawuti amene anagula akwanira. Panali azibambo ena atatu ataima nafe, onse akulu kwa ine. Ndinayang'ana chithunzicho, ndipo ndinamva maso anga akufuna kukwera kupita ku nkhope yawo.

"Inde wa ku Mchinji sindikumufuna," anatero. "Yang'ana mabawuti."

Ndinayang'ana mabawuti. Anali aang'ono. Ndinawauza choncho, ndipo mmodzi wa azibambo aja anati ana a masiku ano alibe mwambo. Amalume anabweza foni m'thumba n'kundiuza kuti ndibwere Loweruka ndi oyenera.